Makumba a Aphunzitsi Lazaro

Loweruka lililonse nyumba ya aphunzitsi Lazaro Mbewe inkakhala ngati yapalamula mlandu. Mphasa zonse panja, mipando panja, mbale panja, mwini wakeyo ali pakati atapinda malaya m'mikono, akukwecha chilichonse chimene sichikanatha kuthawa. Anthu a m'mudzimo, womwe unali pachitunda m'mapiri a Mphangwe, ankati nkhuku za aphunzitsi zinkalawirira kutchire tsiku limeneli poopa kusambitsidwa.

Khalidweli analitengera ku mishoni ya Adachi, kumene ankagwira ntchito m'nyumba ya dona wina asanaphunzire uphunzitsi. Ntchito yake yaikulu inali yosamala madzi akumwa. Panali mitsuko itatu yosanjikiza, yobooledwa pansi: wapamwamba wa timiyala, wapakati wa makala, wapansi wa mchenga. Madzi ankalowa pamwamba ali ofiira n'kutuluka pansi ali mbee. Loweruka lililonse mitsukoyo ankaitsitsa n'kuikwecha ndi sopo, mchenga n'kuuwiritsa pamoto. Lazaro anachoka kumeneko ndi chiphunzitso chimodzi chimene abusa sanamuphunzitse, chakuti padziko pano palibe vuto limene silingathe ndi kukwecha.

Koma linalipo limodzi. Mkazi wake, Adelina Nabanda, anali kwawo m'mbali mwa mtsinje wa Katete, ulendo wa theka la tsiku. Mwa mwambo Lazaro ndiye anayenera kukhala kumeneko pa chikamwini, ndipo anakhaladi mpaka chaka cha 1924, pamene a mishoni anamutuma kukatsegula sukulu kumudzi kwawo kuphiri. Kuyambira pamenepo mkazi wake ankamuona patalipatali ngati mwezi watsopano. Ndiye pa masika anatsika kukapempha chitengwa kwa mlamu wake Samueli, mlongo wake wa Adelina, yemwe anali mwini mbumba.

Anamupeza pansi pa mtengo akuluka mono wokolera nsomba. Samueli anamvetsera pempho lonse osasiya kuluka.

"Alamu, mlongo wangayu ndi wa kumadzi," anatero pomaliza. "Kwanu kuja ndiwo n'chiyani? Mfutso ndi mbewa. Madzi mumakachita kupempha kuchitsime ngati moto. Munthu wa kuno akaumako ngati chikopa."

"Munthu amazolowera, alamu."

"Nanga nsomba imazolowera?"

Munthu wina akanangoseka n'kubwereranso mwezi wamawa ndi nkhuku m'khwapa. Koma Lazaro anali ndi vuto la anthu amene anaonapo chithunzi.

"Imazolowera," anayankha. "Ku mishoni ndinaona chithunzi. Kutsidya kwa nyanja anthu amaweta nsomba m'nyumba, m'bokosi la galasi. Ina yobulungira ngati mbale, mizere yake ngati nsalu ya pa ukwati. Chofunika ndi madzi oyera basi, ndipo madzi oyera ndiyo ntchito yanga."

Samueli anaika mono pansi n'kuitana amuna awiri amene ankasewera nsolo chapafupi.

"Bwerani mudzakhale mboni. Alamu anga atenga makumba a m'dziwe lathuli akawete kuphiri kwawo. Akakhala ndi moyo kuyambira pamene tchire lipsa mpaka mvula yoyamba, mlongo wanga adzanyamule. Akafa, chitengwa tikambe ana akadzamera ndevu. Koma mlamba ayi. Mlamba amakhala ngakhale m'phazi la ng'ombe."

Adelina ankaswa mtedza pakhonde, ndipo anamva zonse.

"AMbewe, anzanu amapempha chitengwa ndi mawu ofatsa."

"Nabanda, yambani kumanga katundu."

"Ndiyamba ndi mchere, woti mukadyere nsomba zanuzo."

Lazaro atabwerera kuphiri anagwetsa mtengo waukulu wa mbawa, nausema ngati bwato, n'kuukokera pamthunzi kuseri kwa nyumba yake. Mlongo wake wamkulu, Estere, amene ankamuphikira, anabwera kudzaona atagwira m'chiuno.

"Mabwato a anzathu madzi amakhala kunja. Lanuli madzi ali m'kati. Muwoloka nalo pati, aphunzitsi?"

"Ndiwolotsa mlamu wanu," anatero Lazaro, osatukula mutu.

Kusema bwato sikunali kovuta. Chovuta chinali madzi. Chitsime cha mudziwo chinali kumunsi kwa chitunda, ndipo m'chilimwe chinkatulutsa madzi monyinyirika ngati munthu woumira. Amayi sakanalola kuti nsomba zisambe madzi atsopano tsiku ndi tsiku ana akugona ndi litsiro. Choncho madzi omwewo anayenera kumazungulira, kuyeretsedwa n'kubwereranso. Apa Lazaro anali pakwawo. Kumutu kwa bwato anamanga kathandala, nasanjikapo mitsuko itatu monga ya kwa dona ija. Pansi pa mtsuko wa mchenga anaikapo nsungwi yong'amba pakati, yoti madzi akadontha aziyenda n'kugwera m'bwato. Mmawa, masana ana akaweruka, ndi dzuwa likapendeka, ankatunga madzi m'bwato ndi chikho n'kuthira mumtsuko wapamwamba. Madzulo ankafundika bwatolo mphasa chifukwa cha chisanu. Kunena zoona, nzeru inalipo, ndipo Estere yemwe anavomera kuti kulira kwa madziwo kunkakoma m'khutu.

Tchire linali lisanapse, ndiye Lazaro anaganiza zoyamba wayesa. Anatsika kumtsinje n'kubwera ndi makumba mumtsuko pamutu, masamba ali pamwamba kuti madzi asatayike. Masiku oyambawo zinayenda bwino. Nsomba zinkadya gaga ndi chiswe, n'kumathamangitsana.

Kenaka kunacha Loweruka. Lazaro anaona kuti m'mbali mwa bwato mwayamba kuterera, ndipo mchenga wada pamwamba. Mtima wake unamuwawa ngati waona mwana wa sukulu wosasamba m'maso. Anasamutsira nsomba m'mbiya, nakwecha bwato ndi sopo, natsuka timiyala kamodzikamodzi, nasintha makala, mchenga n'kuuwiritsa mpaka Estere anadandaula za nkhuni. Lamulungu atatuluka m'mapemphero mpingo wonse unakhamukira kuseri kwa nyumba. Madzi anali mbee, moti munthu ankatha kuona mamba a nsomba iliyonse. Akulu a mpingo anagwedeza mitu n'kunena kuti sukulu ndi chinthu chabwino.

Pofika Lachiwiri makumba aja anali pamwamba, milomo ili yasa ngati oimba amene aiwala nyimbo. Lachinayi onse anali chagada. Estere anawakazinga, ndipo anati anali oyera bwino, sanavute kutsuka.

Lazaro anaganiza mozama n'kupeza yankho: penapake panatsalira litsiro. Ulendo wachiwiri anakwecha ndi sopo, nabwerezanso ndi phulusa, mitsuko n'kuiyanika padzuwa tsiku lonse. Nsombazo zinafa msanga kuposa zoyamba.

"Alamu, mwabweranso," anatero Samueli atamuona akutsika ndi mtsuko wopanda kanthu. "Anzathu aja ali bwanji? Sanapereke moni?"

"Pali pang'ono pamene ndikukonza."

"Ngati ndi ndiwo mukufuna, muzingonena. Ife sitimana. Tizikupatsirani zouma kale, musamavutike n'kusenza madzi."

Tsiku limenelo Adelina anamuperekeza mpaka pamphambano. Sankaseka. Munda ankalima yekha, denga la nyumba linkafuna udzu, ndipo anali atatopa kuyankha amayi a pamtondo amene ankamufunsa ngati mwamuna wake anakwatira nsomba.

"AMbewe, mwakhala kuno zaka. Kodi madzi a m'dziwe lathu lija munawaonapo ali mbee?"

"Nsomba zimakhala m'matope chifukwa palibe anazionetsa zabwino, Nabanda."

"Chabwino. Koma zimene mwazionetsa zabwinozo zili kuti?"

Lazaro anati dzuwa likupita, ndipo anakweza mtsuko pamutu.

Tchire linapsa. Mtsinje unaduka n'kusanduka maiwe, ndipo Samueli anapereka makumba omaliza pamaso pa mboni zija. "Awa ndiwo a pangano," anatero. "Enanso kulibe mpaka madzi abwere." Lazaro anawasenza ngati mazira. Koma atangowaika m'bwato, kunafika mthenga wochokera ku mishoni: aphunzitsi onse a m'midzi akasonkhane ku maphunziro a chaka ndi chaka, ndipo akakhalako mwezi ndi kanthu. Kukana kunalibe.

Asananyamuke anamuimika Estere pabwato n'kumulangiza ngati wa m'kalasi. Kuthira madzi katatu, kufundika mphasa, gaga wochepa. Pomaliza anatulutsa mtanda wathunthu wa sopo.

"Uyu ndi wa Loweruka. Bwato, mitsuko yonse, ndipo mchenga muziwiritsa. Alongo, banja langa lili m'manja mwanu."

"Pitani bwino, aphunzitsi. Zikafa ndikusungirani mitu."

Estere sanali munthu woipa. Madzi ankathira mokhulupirika, ndipo nsombazo anayamba kuzikonda, mpaka ina yaukali anaitcha dzina la malemu mwamuna wake. Koma Loweruka loyamba anayang'ana sopo uja, nayang'ana nsalu yake ya ku tchalitchi, n'kuona kuti nsomba zili kale m'madzi pomwe nsaluyo sinalowemo chiyambire Pasaka. Anati akwecha Loweruka linalo. Loweruka linalo mnzake anabwereka sopoyo. Lotsatira lake kunali maliro kumudzi woyandikana. Mmene mwezi unkatha sopo anali atatsala ngati lilime la mphaka, ndipo mitsuko inali isanatsikepo pathandala.

Lazaro anabwera Lachisanu dzuwa lili pamutu, ndipo asanalowe n'komwe m'nyumba anazungulira kuseri. Fungo ndilo linayamba kumulonjera, fungo la m'mphepete mwa dziwe. M'mbali mwa bwato munali ndere zobiriwira. Nsungwi inali itamera ndevu. Mumtsuko wa mchenga munali chinthu choderako, choterera ngati therere, ndipo pathandala panakhala chule akumuyang'ana ngati mwini malo. Madzi anali ngati tiyi wosathira mkaka. M'madzimo makumba onse anali amoyo, onenepa, akulimbirana gaga.

"Alongo, sopo uja ali kuti?"

"Nsomba zinadya," anatero Estere ali chapatali ndithu.

"Mwaziika m'chimbudzi mwezi wonse."

"Koma zafa zingati?"

Funsoli linali labwino, ndipo likanamuthandiza akanalilola kulowa. Koma Lazaro ankangoona manyazi. Bwanji Samueli atatulukira lero n'kupeza zoterezi pakhomo pa mphunzitsi? Anati nsombazo zapulumuka mwa chisomo chabe, ndipo chisomo sachiyesa kawiri. Kutacha Loweruka anapinda malaya. Popeza sopo kunalibe anatenga phulusa, nakwecha bwato mpaka mtengo unaoneka, natsuka timiyala, nataya makala akale. Atafika pa mtsuko wa mchenga anapita kukatenga mbiya yowiritsira, n'kupeza Estere atakhala patsogolo pake.

"Muno muli thobwa la mawa. Akulu a mpingo ndawaitana kale. Mchenga wanuwo udikire."

"Ndi kanthawi kochepa, alongo."

"Mukakhudza mbiya iyi mukadya kwa chule uja."

Choncho mtsuko wa mchenga unabwerera pathandala ndi litsiro lake, Lazaro akuuyang'ana ngati mwana wobadwira m'chigololo.

Lachiwiri nsomba zinakwera pamwamba, milomo yasa. Lachitatu zinayamba kufa. Lazaro ankaziwola imodziimodzi, ndipo ulendo uno Estere sananene za kukazinga. Ana a sukulu anaona kuti aphunzitsi akungolemba pabolodi n'kufufuta. Lachinayi madzulo m'bwato munatsala makumba atatu, ndipo Lazaro anakhala pachitsa pafupi nawo akuganiza mmene akamuuzire Adelina.

Koma Lachisanu atatuwo anatsika pansi. Loweruka mmawa imodzi inatola gaga.

Zimenezi zinali zisanachitikepo. Kale zikayamba kufa zinkatha zonse. Lazaro anakhalanso pachitsa paja, phulusa lili m'manja, n'kuyamba kuyala nkhaniyo monga amayalira samu kwa ana. Pamene anakwecha zonse, zinafa zonse. Pamene sanakwechepo kanthu, sinafe ngakhale imodzi. Pamene anakwecha zambiri n'kusiya mtsuko umodzi, zinafa zambiri n'kutsala zochepa. Anaitembenuza samuyo uku ndi uku kufuna kuti itulutse yankho lina, koma inakana. Mwana wa kalasi yoyamba akanaimaliza asanakhale pansi.

Anapisa dzanja mumtsuko wa mchenga n'kukhudza choterera chija. Dzina lake sankalidziwa, ndipo m'mudzi monse munalibe wolidziwa. Chimene anaona n'chakuti nsomba zimaipitsa madzi ndi zinthu zosaoneka ndi maso, ndipo kanthu kena kokhala m'litsirolo kamadya zoipazo. Madzi a kwa dona ankangodutsa kamodzi n'kumwedwa, munalibe wokhalamo. Lazaro anali ndi wantchito wabwino amene sankafuna malipiro, ndipo Loweruka lililonse ankamuwiritsa.

Anataya phulusa lija n'kukasamba m'manja.

"Lero simukwecha?" anafunsa Estere.

"Ayi."

"Mwadwala?"

"Alongo, munachita bwino."

"Ine sindinachite kanthu."

"N'chimene ndikunena."

Masabata otsatirawo anali a mayesero. Dzuwa la mwezi wa khumi linawotcha, ndipo Lazaro anawonjezera udzu pamthunzi wa bwato n'kumapempha madzi pang'ono kuchitsime obwezeretsa amene auma. Ndere zinabwerera, chule anabwerera ndi mnzake. Madzi akayamba kuchedwa kudontha, ankangotapa mchenga wapamwamba n'kuutsukuluza m'madzi a m'bwato momwemo, nkhope atayang'ana kumbali. Loweruka manja ankamuyabwa. Ankakwecha mabenchi a sukulu kawiri, masileti, chitseko, mpaka belu, kuti asayandikire kuseri kwa nyumba. Akulu a mpingo atabwera kudzaona anatseka mphuno n'kufunsa ngati aphunzitsi abwerera m'mbuyo. Lazaro anawapatsa mipando kutsogolo kwa nyumba.

Mvula yoyamba inagwa Lachitatu masana, yamabingu, yonunkhira fumbi. Mawa lake Samueli anakwera chitunda ndi mboni zake ziwiri, Adelina ali pambuyo ndi mtolo pamutu, onse miyendo ili yofiira ndi matope. Samueli atafika kuseri anaima n'kukoka mpweya.

"Apa pakununkhira kwathu."

Anawerama n'kusuzumira m'bwato. Munali bii, osaoneka kanthu. Anadikira, nayang'ana mboni zake, n'kuyamba kumwetulira.

"Alamu, mwaweta madzi. Akula bwino ndithu."

Lazaro anayandikira bwatolo. M'thumba anali ndi ngumbi zimene zinatuluka ndi mvula ija. Anawaza pang'ono pamadzi. Kwa kanthawi ngumbizo zinangoyandama. Kenaka madzi anagwedezeka. Linatuluka khumba limodzi, lachiwiri, n'kuyamba kukhwatula. Khumba lachitatu linabwera pang'onopang'ono, masaya ali otupa, osadya kanthu. Litafika pamthunzi wa nsungwi linayasamula, ndipo m'kamwa mwake munatuluka kamtambo ka tiana tating'ono ngati njere za mawere.

Mboni zija zinaseka mpaka kugwirana mapewa. Samueli anakhala chiweramire nthawi yaitali, kenaka anadzuka n'kupukuta manja.

"Nsomba siiswa pamalo pamene sipakukoma," anatero. "Pangano ndi pangano. Mlongo wanga ndi uyo. Koma tianato ndi tathu, alamu. Ana ndi a kuchikazi."

"Mudzatenge tikakula. Mubwere ndi mtsuko wanu."

Apa m'pamene Lazaro anauona bwino mtolo uja. Munali mphasa, mthiko ukusuzumira, ndi kathumba ka mbewu ya mtedza.

"Nabanda, mwabwereratu ndi katundu. Nanga zikanapezeka zitafa?"

Adelina anasuzumira m'madzi oderawo n'kukweza mapewa.

"Ndikanati zili pansi. Akanatsutsa ndani, muno mmene mulili?"

Anatembenuka n'kulunjika kunyumba. Pansi pake Lazaro anali atazira dzulo lake mpaka kuwala, poti kukubwera alendo. Adelina analowa ndi mapazi ake a ulendo, n'kusiya zidindo zofiira kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda. Pambuyo pake panalowa Samueli, mboni ziwiri, Estere ndi mbiya ya thobwa, ndi nkhuku imodzi yonyowa imene inaona kuti lero malamulo agona. Tsache linali pomwepo, kuseri kwa chitseko. Lazaro analiyang'ana, nayang'ana mapazi aja, n'kumva mkazi wake m'kati akufunsa Estere pomwe amasunga nkhuni. Analambalala tsachelo n'kupita kukabwereka mipando ku sukulu.

Chimene munthu wachilirira chimabwera ndi zake, ndipo wofuna kuchilandira chili chotsukatsuka amatsala ndi bwato loyera lopanda nsomba. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene anati: walira mvula, walira matope.